Njuchi za Dokotala Lindqvist

Mayi Doreen Pulaski anagwira unamwino zaka zambiri asanalowe mu ofesi ya maloya mumzinda wa Toledo, ndipo ankati anathawa madokotala kuchipatala n'kukawapezanso kukhoti. Ntchito yawo inali yosaka mboni. Munthu akavulazidwa kuchipatala, woweruza samva za misozi. Amafuna dokotala wina aimirire n'kunena kuti apa mnzangayu anaphonya. Ndiye kapezeni dokotala wolola kuloza chala mnzake! Khumi amakana, mmodzi amavomera koma osayankha foni.

Mlandu umene unawazunguza mutu unali wa bambo Leroy Tibbs, oyendetsa basi ya ana asukulu. Anapita kuchipatala ndi chilonda chakuphazi, n'kubwezedwa ndi mapiritsi kawiri konse, ulendo wachitatu n'kudulidwa mwendo. Mayi Pulaski anasanthula mapepala a chipatala tsamba ndi tsamba, anaimba mafoni mpaka khutu kutentha, kenaka anapeza Dokotala Lindqvist, mkulu waimvi wofotokoza zinthu moti ngakhale mwana angamve. Lamulo la kumeneko limati mboni yotere izikhala ikuonabe odwala, theka la nthawi yake kapena kuposa. Atawafunsa pachiyambi, mkuluyo anati Lolemba mpaka Lachisanu amakhala ali m'wodi. Popanda iwowa, bambo Tibbs analibe mlandu.

Panapita zaka ziwiri. Tsiku lomaliza lopereka mayina a mboni linadutsa mu Malichi, ndipo mu Juni loya wa chipatala anabwera kudzafunsa mafunso, mkuluyo atalumbira kuti anena zoona. M'mawa wonse mayi Pulaski anali akuwalangiza kuti aziyankha zimene afunsidwa basi, osathira nsinjiro.

"Doreen, ine zimenezi ndinayamba inu muli kusukulu," anatero mkuluyo akuseka.

Loya wa chipatala anali mayi waulemu, womwetulira, ndipo oterowo ndiye oopsa. Ataona dzanja la dokotala litatupa, anafunsa mwachifundo kuti chachitika n'chiyani. Njuchi. Basitu mkulu uja anamasuka: ming'oma makumi anayi, uchi wa maluwa akuti, momwe amazitetezera ku chisanu. Mayi Pulaski anatsokomola, anagwetsa dala cholembera, koma kunali kuimbira gonthi nyimbo. Loyayo anafunsa ngati zonsezi sizikuwachulukira pamodzi ndi ntchito yakuchipatala.

"Chipatala ndinasiya mu Januwale, mwanangu. Odwala anga tsopano ndi njuchi."

Wolemba mawu wa khoti analemba zonse, ndi "mwanangu" yemwe.

Atatuluka panja, mayi Pulaski anali atapsa mtima. Anawafunsa mkuluyo kuti nkhani yaikulu chonchi anaibisiranji. Iwo anadabwa zenizeni, nati nzeru za m'mutu sizipuma pantchito, komanso palibe anawafunsa kachiwiri. Apa ndi pamene panawawa, chifukwa zinali zoona. Munthu wokumbutsa madokotala tsiku, ola, ngakhale tayi yoti avale, anaiwala kubwereza funso limodzi lokha. Mkuluyo anapita kugalimoto yake n'kubwerako ndi botolo la uchi. Uchi! Mayi Pulaski anangotembenuka, kuopa zimene pakamwa pawo pakanatulutsa.

Woweruza anakana umboni wa mkuluyo, anakananso kuti abweretse mboni ina, nati nthawi inalipo yokwanira. Bwana wa mayi Pulaski ankafuna kungolembera bambo Tibbs kalata yoti mlandu watha, koma mayi Pulaski anati nkhani zotere sizipita pa envulopu. Anayendetsa okha galimoto mpaka kwa bambo Tibbs, n'kuwapeza pakhonde, ndodo zili pambali. Anafotokoza zonse osadzibisa: za lamulo, za njuchi, za funso limene sanabwereze. Ankayembekezera kutukwanidwa, mwinanso ankakufuna.

Bambo Tibbs anayang'ana mumsewu.

"Ndiye tsiku la khoti lija, mu Seputembala, mlamu wanga anapempha kale tchuthi kuti adzandinyamule. Ndimuuze azipita kuntchito?"

"Muwauze azipita, bambo," anayankha mayi Pulaski.