Diresi la Mlongo Wanga

Ndikukumbukira komboni ya pa famu ya fodya kufupi ndi Mvurwi, m'zaka za Chitaganya, pamene amayi anabereka mwana wamwamuna koma nkhope yawo ili yosasangalala. Kwathu ana aamuna sankakhalitsa. Alongo awo a amayi anatha ali aang'ono kumudzi ku Dedza, ndipo mlongo wanga woyamba tinamuika kuseri kwa mabalani oumitsiramo fodya asanayambe kuyenda. Ife atsikana tinkangonenepa ngati maungu.

Amayi anaganiza kuti chimene chinkatola anyamatacho tichipusitse. Anamutcha Esitere, namuveka kadiresi kanga kakale ka maluwa achikasu. Ine anandikhazika pansi, nandigwira dzanja mpaka kuwawa.

"Uyu ndi mng'ono wako, wamva? Mawu akuti mlongo asatuluke m'kamwa mwako, ngakhale kutchalitchi."

Ndinkaopa pakamwa panga kuposa njoka. Pomusambitsa tinkatseka chitseko, m'nyumba muli mdima ndi fungo la utsi wa m'mabalani. Mkazi wa kapitao, Mshona wokonda nthabwala, ankati mtsikana ameneyu ali ndi mawu a dalaivala wa thirakitala. Amayi ankaseka nawo.

Miyezi yoyamba anali bwinobwino, ndipo ndinakhulupirira kuti tapambana. Atayamba kukwawa, khutu linayamba kutuluka mafinya. Likauma khutu, chifuwa. Chikaleka chifuwa, zithupsa. Ndikabwera kusukulu ndinkaima kaye pamtengo wa bulugamu kumvetsera ngati kwathu kuli maliro.

Tsiku lina kupuma kwake kunayamba kulira ngati khweru. Tinakwera lole ya mabelo a fodya mpaka kuchipatala ku Salisbury, ine ndili womasulira chifukwa cha Chingerezi cha kusukulu. Dokotala atamuvula kadiresi kaja anatiyang'ana, koma sanaseke. Anafunsa ngati kuchikazi kunali anyamata ena omwalira chotere. Ndinatembenuza funsolo. Amayi anawatchula mayina mmodzimmodzi, mayina amene sindinawamvepo.

Anatifotokozera kuti thupi limapanga asilikali olimbana ndi matenda, koma anyamata ena amabadwa thupi lawo losatha kuwapanga. Miyezi yoyamba ija ankadalira asilikali amene anatenga kwa amayi ali m'mimba, ndipo atatha, panalibe olowa m'malo. Akazi timangonyamula vutoli n'kupatsira ana aamuna. Pamenepo ndinaona kuti inenso ndalinyamula mwina, ndipo mbali imeneyo sindinawamasulire amayi mpaka tili pa lole.

Mlongo wanga sanabwerere nafe ku famu. Pomuika, abambo anamutchula dzina lachimuna koyamba: Yohane.

Lero mdzukulu wanga, mnyamata wobadwa kwa mwana wanga wamkazi, ali ndi vuto lomwelo. Mwezi ndi mwezi amapita kuchipatala kukalandira asilikali otengedwa m'magazi a anthu ena, n'kubwerako akudandaula kuti waphonya masewera a mpira. Akatsokomola ndimaimabe kumvetsera. Koma dzina lake ndi Yohane, timaliitana mokweza pabwalo, ndipo amavala kabudula.