Phulusa m'Botolo la Khofi

Khofi adalowa m'nyumba mwathu chaka chomwe bambo a ana anga adayamba kuyendetsa lole ya thonje. Tinkakhala pa Ngabu, kuseri kwa msika, m'kanyumba kamalata komwe miyezi yotentha kankasanduka uvuni wa njerwa. Iwo ankakwera ndi mabelo ku Blantyre, nthawi zina mpaka kumpoto, ndipo ankatha masabata osaoneka. Ine ndinkatsala ndi ana, n'kumagulitsa thobwa ndi madzi ozizira pakhonde, poti tinali ndi kafiriji kathu kakalekale.

Ulendo wina adabwera ndi kaphukusi komanga bwinobwino. Atamasula, fungo lidadzaza nyumba yonse, ngati la chimanga chokazinga chopsererako pang'ono koma lolemera. M'katimo mudali njere zakuda zonyezimira, iliyonse ili ndi kamzera pamimba. Ndidaziyesa nsatsi. Khofi amene ndinkamudziwa ine ndi waufa uja wa m'timapaketi ta m'golosale.

"Wakupatsani ndani?" ndidafunsa.

"Mnzanga wa kumpoto. Kwawo amalima, amakazinga okha."

"Mnzanuyo ndi wamwamuna?"

Adangoseka, n'kuyamba kufunafuna botolo.

Kusamala kumene adachita tsiku limenelo sindidakuonepo pa chinthu china chilichonse cha m'nyumba mwathu. Adapeza botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, kulitsuka, kuliyanika tsiku lonse, kulinunkhiza, kulitsukanso. Litauma adathiramo njere zija, pakamwa n'kuyalapo kapulasitiki asadatseke. Adalikulunga m'kansalu, n'kuliika mumtsuko watsopano wosalawapo madzi, pakona yamdima pabalaza, kuseri kwa kabati. Pamwamba adavundikira mbale.

"Bwanji osangoika mufiriji?" ndidatero.

"Mufiriji muli milamba yanu ija. Khofi amakoka fungo la chilichonse chomwe wayandikana nacho. Ndiye magetsi athuwa akathima, botolo lichita thukuta, njere zinyowa, basi zatha." Adandiyang'ana kumaso. "Mpweya ukalowa, kukoma kumathawa. Dzuwa likamuona, wafa. Pasapezeke wotsegula, mayi a ana. Ngakhale inuyo."

Mawu akuti "ngakhale inuyo" ndiwo adandikhala pamtima.

Akakhala pakhomo ankatapa njere zodzaza kachikhatho, kutseka botolo msangamsanga ngati muli njuchi, n'kusinja m'kamtondo kakekake komwe adaletsa kusinjiramo tsabola kapena nsinjiro. Akathira madzi otentha ankagwira kapu ndi manja awiri, n'kutsinzina. Ine ndinkawayang'ana ndili pakhomo la khitchini. Munthu akatsinzina chotero amakhala akuona ndani? Tsiku lina adandilawitsa. Zidali zowawa ngati mankhwala a malungo, ndipo ndidakalavula kuseri.

Pafupi nafe pankakhala mayi wina wogulitsa nsomba zouma, makolo ake ochokera kutsidya ku Mozambique. Nditamufotokozera, adasiya kupanga milu ya nsomba, n'kupukuta manja pachitenje.

"Ninji? Mwati chiyani? Akukuletsani kugwira botolo m'nyumba mwanu momwe? Achemwali, tsegulani maso. Madalaivalawa amayenda kutali. Mwina n'zokhwimira, mwina wawapatsa ndi mkazi kuti akamamwa azimukumbukira."

Ndidaseka kuti asaone kuti zandilowa, koma kuyambira pamenepo ndikamasesa pabalaza ndinkaulambalala mtsuko uja ngati muli njoka.

Kutayamba kutentha kwenikweni, apongozi anga, mayi awo a bambo a ana, adabwera kuchokera kwa Chapananga. Mwendo udawatupa, ndiye ankafuna kukhala pafupi ndi chipatala. Adali munthu wosatha kukhala chete ndi manja. Ankadumphira ndi ndodo yawo uku akusankha nyemba zanga, kuyanika ufa womwe ndidauyanika kale, kusuntha miphika. Ankagona pabalaza ndi ana. Sitinkakangana, koma sitinkasekanso limodzi kwenikweni. Kuyambira kale ankaona ngati mwana wawo adakwatira mkazi wa patauni wosadziwa kusunga chakudya.

Bambo a ana atabwera ku ulendo wotsatira, adapita kumtsuko asadavule n'komwe nsapato. Ndidamva mbale ikuvundukulidwa, kenaka zii. Patapita nthawi adandiitanira kuchipinda, dzuwa lili paliwombo, n'kutseka chitseko. Adatambasula dzanja. Njere zija zidali zotuwa, kunyezimira konse kutatha. Pakati pake padali kafumbi koyererako ndi tizidutswa ta masamba obiriwira.

"Ichi n'chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Nunkhizani."

Fungo lija lidali litapita. Kudatsala kafungo ka utsi ndi kena kowawira kukhosi.

"Mukufuna kundidyetsa chiyani, mayi a ana? Ndani wakupatsani zimenezi? Mnzanu wa nsomba uja?"

Adali kunena za mankhwala aja amene akazi ena amathira m'chakudya kuti mwamuna apuse, azingomvera za mkazi. Ndidalumbira kuti botololo sindidalikhudzepo. Mkwiyo utandikwera ndidawabwezera kuti wothira mankhwala akamufunse yemwe adawapatsa khofiyo, mkazi wawo wa kumpoto. Adati mnzawoyo ndi mdala wina wokweza katundu m'malole, wa imvi mutu wonse. Ine sindidakhulupirire zonse, iwonso sadakhulupirire zanga. Tinkalankhula motsitsa, koma khoma la chipinda chathu silinkafika kudenga, ndipo apongozi adali pamphasa pabalaza pomwepo.

Madzulo ake bambo a ana adafunsa onse pamodzi ngati alipo adasewera ndi mtsuko. Ana adakana. Apongozi adati, "Nkhabe, ayi ndithu, ine zosewera ndidasiya kale," n'kupitiriza kusisita mwendo wawo.

Masiku otsatirawo adali oipa. Ndikaphika, bambo a ana ankati adya kale kumsika. Akakhala kuti adye, maso adali pa manja anga pogawa ndiwo, ndipo tsiku lina ndidawaona akusinthanitsa mbale yawo ndi ya mayi awo ndili chotembenuka. Madzi akumwa ankakatunga okha. Ine ndinkatsuka mbale misozi ili m'maso, ndikudzifunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ana? Wamkulu adali ndi manja oyabwa, koma masamba akadawatenga kuti? Mayi wa nsomba uja ankalowa m'nyumba mwathu momasuka kudzasungitsa katundu wake mufiriji. Kodi sadali iye, kufuna kundithandiza mwa njira yake, kapena kufuna kundipasulira banja? Ndidayamba kumuyankha mwachidule, ndipo akabwera ndinkamulandirira pakhonde.

Bambo a ana adapeta njere zija, kuzipukuta ndi kansalu imodziimodzi, n'kuzibwezera m'botolo, ati akazionetse kwa anthu odziwa akadzabwerako. Atanyamuka, ndidapita pamtsuko koyamba chibwerere khofi m'nyumbamo. Sindidatsegule. Ndidangowaza ufa pang'ono pamwamba pa mbale yovundikira ija, woti munthu sangauone ngati sakuufuna.

Mawa lake ufawo udali momwemo. Mkuja wake ndidapeza zala zitadinda m'mphepete mwa mbale, zala zazikulu, osati za mwana.

Tsiku lotsatira ana atapita kusukulu, ndidauza apongozi kuti ndikupita kuchigayo ndi chimera cha thobwa, ndichedwako. Ndidasenza beseni, kukalisiya kwa mnzanga kumsika, n'kubwerera podzera njira ya kuseri kwa zimbudzi.

Ndidawapeza kuseri kwa nyumba, atakhala pansi mwendo wotupa uja atautambasula. Khofi yense adali palichero, padzuwa la Ngabu lija loti ngakhale nkhuku zimayasama. Pambali padali chigoba cha phulusa ndi masamba a nimu ouma, ndipo iwo ankawafikisa m'manja n'kumawaza panjerezo, uku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

"Amayi, mukutani?"

Sadadzidzimuke n'komwe. "Ndikukonza zomwe mukuwononga. Chakudya chouma amatsekera m'galasi kutentha kuno? Chifumbwa ichi. Khobwe wanga kumudzi ndimathira phulusa ndi nimu, amatha chaka anankafumbwe osamuyandikira. Ndidathira bwinobwino, wina wachotsa."

"Ndiye mudali inu ulendo woyamba uja?"

"Nanga akadachita ndani? Inu mumangodutsa ngati simukuuona mtsukowo. Mukachokapo kukawala ndimaziyanika."

"Koma mwana wanu adafunsa, inu mudakana."

"Adafunsa wosewera. Ine ndimasewera?"

Ndidakhala pansi pomwepo pafumbi. Ndinkafuna kuseka, ndinkafunanso kukuwa kuti msika wonse umve. Ndidangowapempha kuti asiye zonse momwe zilili, ndipo mwana wawo akabwera amuuze okha ndi pakamwa pawo. Lichero ndidalilowetsa m'nyumba ndi phulusa lake lomwe, n'kuliika pamwamba pa kabati.

Bambo a ana atafika, apongozi adafotokoza ngati nkhani ya nyengo, n'kuwonjezera kuti anthu a masiku ano sadziwa kusunga zinthu. Mwana wawo adayang'ana lichero nthawi yaitali. Adatola njere imodzi, kuiluma, kuilavula.

"Ndiye mudali inu, amayi," adatero motsitsa.

Adakataya khofi yense kudzala. Mbuzi za aneba zidabwera, kununkhiza, n'kuchokapo. Tsiku limenelo adadya chakudya changa mpaka kupempha china, ndipo pomwa madzi adalandira kapu m'manja mwanga osayang'anamo. Kupepesa kwawo kudali komweko. Ine ndidapita kwa mayi wa nsomba uja ndi botolo la thobwa lozizira, tidacheza mpaka kuiwala za pamoto.

Mwendo utaphwa, ndidawaperekeza apongozi pokwerera kabaza. Ndidawanyamulira kathumba kawo, tikuyenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Ndidawafunsa funso lomwe ndidali nalo masiku onsewo.

"Amayi, tsiku lija mwana wanu ankandinena kuchipinda, simudamve?"

Adayenda masitepe angapo, ndodo ikugogoda pansi.

"Makutu anga akalamba, mwananga."

"Nanga posinthanitsa mbale paja?"

"Za m'banja mwa eni ine sindilowerera." Adandiyang'ana cham'mbali, ndipo pakamwa pawo padachita ngati pakufuna kumwetulira. Makutu omwewo ankamva mwana akatsegula chitini cha shuga ali kuseri kwa nyumba.

Adakwera, kukonza chitenje, wakabaza n'kupalasa. Ndidaima pamenepo mpaka adakhota.

Mpaka lero sindidziwa ngati adangokhala chete chifukwa choopa mwana wawo, kapena zidawakomera kundiona ndikupsa. Bambo a ana amati ndimaganiza kwambiri, mayi awo ndi munthu wachikale basi. Mwina n'zoona. Khofi amabwerabe naye, koma pang'onopang'ono, woti athe asadasukuluke, ndipo wosunga ndine. Ndimagawa m'timabotolo ting'onoting'ono kuti potsegula kamodzi ena onse akhale chitsekere. Ndikangomva kuti apongozi anyamuka kwa Chapananga, ndimanyamula mtsuko wonse kukauika kuchipinda kwathu, kumene mwambo suwalola kuponda.