Tsiku Limene a Yeremiya Anakatenga Mlamu Wawo ku Mvera

Kumapiri kwathu kuno ku Ntchisi, kuseri kwa Malomo, munthu woyamba kukhala ndi njinga yamoto yakeyake anali a Yeremiya Kamphinda. Anagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka makumi awiri, ndipo atapuma anagula mthuthuthu wakale wofiira, wotsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Sanali mbadwa ya kuno. Kwawo ndi ku Dowa, kuno anadzakhala chikamwini atakwatira a Ester, ndipo mpaka imvi kumera, pakakhala nkhani ya pabanja ankakhala kumapeto, chipewa chili pabondo.

Ine ndakhala nawo moyandikana nthawi yaitali, ndipo sindinaonepo munthu womvera ngati ameneyu. Kumvera kwake kochita kutopetsa. Buku la ulimi likati mapando atalikirane mwakuti, iwo ankayeza ndi chingwe ngakhale mvula ikuwakhuthukira pamsana.

Njinga ija inawapatsa ntchito imene sanaipemphe. Maliro akagwa, wokauza abale akutali ankakhala iwowo. Tsono mwambo wake ndi uwu: wachibale weniweni sumuuzira panjira kuti munthu watisiya. Umangoti matenda akula, tiyeni, ndipo zenizeni amakazimvera kumudzi, pakati pa anthu oti amugwire akagwa. A Yeremiya mawu amenewa anawanena kambirimbiri nkhope ili gwa, moti amayi akangomva kulira kwa mthuthuthu uja ankasiya kusinja n'kugwira pamtima.

Mu Okutobala 1994, zipani zambiri zitangoyamba kumene, apongozi awo, mayi ake a Ester, anali gone. Mayiwa anali ndi mwana wamwamuna mmodzi yekha, Tomasi, amene anathawira ku Zambia mu 1973 atakangana ndi anyamata ogulitsa makhadi a chipani pamsika. Zinthu zitasintha, Tomasi analemba kalata kuti akubwera, koma ayamba wapuma masiku angapo ku Mvera kwa mnzake amene anabwerera naye limodzi, ndipo Lamlungu afika. Mayi aja anamwalira Lachinayi m'mawa.

Amene anatuma a Yeremiya anali a Vinsenti, atsibweni ake a Tomasi. “Mukamutenge mwanayo adzaone nkhope ya mayi wake,” anatero. “Kunjaku kwatentha, thupi silingapitirire mawa. Ikakwana 3 koloko masana tinyamula, afike asafike. Koma inu musakamuuze kanthu, si udindo wanu.”

A Yeremiya anakagona ku Mvera tsiku lomwelo. Mlamu wawoyo anali asanamuonepo. Anapeza munthu wamtali, wandevu zambiri, wosekaseka.

“Alamu, amayi matenda akula. Tinyamuke mmamawa,” anatero a Yeremiya.

Tomasi anaseka. “Ester analemba zomwezo chaka chatha, ndi chaka chinacho. Mayi anga ndi chitsulo, alamu. Sangapite asanandikalipire.”

Zaka za kunja zinali zitamuiwalitsa kuti munthu sathamangitsa njinga kuchokera ku Ntchisi chifukwa cha chifuwa. Lachisanu m'mawa anamwa tiyi mwachifatse, kutsanzika nyumba ndi nyumba, kenaka kumanga sutikesi ndi malegeni, kumasula, kumanganso. Ananyamuka dzuwa litakwera kale.

Chaka chimenecho mvula inavuta, ndipo mapiri a Dowa anali mbee. Mitengo inathera m'zigafa za fodya, mitsinje inasanduka mchenga wokhawokha, kwina tchire litapsa ndi moto wa osaka mbewa. Mbuzi zinkanyambita miyala. Njinga inkakwera zitunda ikulira momvetsa chisoni, fumbi likulowa mpaka m'mano, ndipo pakangopita kanthawi Tomasi ankawagwira paphewa kuti aime.

“Apa panali misuku yokhayokha, alamu. Yapita kuti?”

Anthu a m'midzi imeneyo anawaphunzitsa kulima fodya ndi a Yeremiya omwe, ali mnyamata. Anangoti akwere, ulendo udakalipo.

Pa Mponela anafika dzuwa lili paliwombo. A Yeremiya ankafuna kungothira mafuta n'kumapita, koma Tomasi anaona wometa pansi pa mtengo wa mango.

“Amayi anandiona komaliza ndilibe ndevu,” anatero. “Ndikafika chonchi akathawa, akayesa wakuba mbuzi.”

Pamzere panali anthu atatu. Wometayo sanali wapachangu, ndipo nkhani za chisankho zinali zisanamuthere m'kamwa. Atameta, Tomasi analowa mumsika kukafuna chitenje cha mayi ake. Chobiriwira anachikana, chamaluwa anati n'cha atsikana.

“Alamu, nthawi,” anatero a Yeremiya, maso ali pawotchi.

“Ndadikira zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ola limodzi n'chiyani?”

A Yeremiya anandiuza okha kuti pamenepo mawu anafika pakhosi. Koma anayang'ana msika wodzaza ndi anthu achilendo, anaganiza za munthu wolira atakhala kumbuyo kwa njinga pamaphompho a Ntchisi, anakumbukiranso kuti iwo ndi mkamwini chabe ndipo a Vinsenti analamula. Za imfayo sanamuuze. Ine pamenepa ndimapsa mtima mpaka lero. Mwambowo anauika kuti usunge munthu, koma bambo ameneyu anausunga ngati muyeso wa mapando, osaona kuti tsiku limenelo ukumulanda mnzake chinthu chimene sichidzabweranso.

Anachoka pa Mponela cha m'ma 1 koloko ndi theka. Msewu wa ku Ntchisi unali maenje ndi miyala, ndipo a Yeremiya, munthu amene ankatsika panjinga akaona nkhuku pamsewu, tsiku limenelo anathamanga ngati wamisala. Tomasi kumbuyo ankangoti ndi mayendedwe awo. Ankakuwa m'khutu mwawo, kufotokoza zimene akanene akafika.

“Tsiku lija ndinawasiya kudimba, ndinati ndikukagula mchere. Sindinatsanzike, alamu. Ndikagwada kaye, zina zonse pambuyo!”

Atadutsa pa boma la Ntchisi, pachitunda chachitali chopanda ndi mthunzi womwe, injini inatentha n'kuzima. Anaikankha anthu awiri, thukuta lili kamukamu, Tomasi akuwaseka kuti njingayi ndi yofunika kuipumitsa ntchito ngati mwini wake. Inadzalira patapita mphindi makumi anayi. A Yeremiya sanayang'anenso wotchi.

Ine ndinali pagulu lochokera kumanda pamene tinamva mthuthuthu ukutsika phiri. Inali itadutsa 4 koloko. A Vinsenti anali atadikira kupitirira nthawi imene ananena, mpaka adzukulu anayamba kung'ung'udza, ndipo sindingawanene. Amayi a Chigwirizano anali kutsogolo ndi malaya awo oyera, adzukulu pambuyo makasu ali paphewa, dothi lofiira lidakali lomata.

Tomasi anatsika, chitenje chili m'manja, masaya ali see. Anavula chipewa mwaulemu n'kufunsa kuti maliro ndi a ndani. Kenaka a Ester anatuluka pagulu akuthamanga, akulira kuti, “Achimwene! Achimwene, mwachedwa!” Munthu wamtali uja anakhala pansi pafumbi pomwepo. Anthu omugwira analipo ambiri, monga mwambo umafunira.

M'mawa mwake, pa kusesa, a Vinsenti anayamika a Yeremiya pagulu kuti ndi mkamwini wodziwa mwambo, wosunga pakamwa, ndipo anthu anawomba m'manja. Gulu litabalalika, Tomasi anawapeza kuseri kwa nkhokwe akupukuta njinga. Ine ndinali pafupi, ndinamva ndi makutu angawa.

“Alamu, pa Mponela paja munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

“Ndikanapanda kumeta, ndikanawaona nkhope?”

Munthu wina akanati ayi, njinga inali itatopa kale, sitikanafika. Bodza laling'ono lotero Mulungu akanalikhululuka. Koma a Yeremiya anali atawerengera kale mtunda ndi nthawi, ndipo kunama pa muyeso sankakudziwa.

“Mukanawaona, alamu,” anatero.

Tomasi anagwedeza mutu n'kuchoka. Anamanga nyumba m'mudzi momwemo, kutsidya kwa khola la a Ester, ndipo amuna awiriwa akalamba akuonana tsiku ndi tsiku. Amapatsana moni, basi.