Bodza limodzi la mdala wa filosofi

Ku Chelstone palibe amene sawadziwa mdala amene anapuma ntchito ya boma n'kukalowa yunivesite, imvi zili mbuu, kuti aphunzire filosofi. M'mawa uliwonse amakwera minibasi atavala jekete lakale, mabuku ali m'jumbo, n'kukakhala m'kalasi ndi ana amsinkhu wa zidzukulu zawo. Ukawafotokozera nkhani, ankakweza chala n'kunena kuti, "Mfundo yanu yachiwiri sikugwirizana ndi yoyamba." Ngakhale makondakitala amaopa kukangana nawo.

Chaka chatha analemba nkhani yoti wodwala aziuzidwa zoona, ngakhale zikhale za imfa. Mwambo wobisira odwala anautcha mantha ovala ulemu. Atapatsidwa malikisi apamwamba, nkhaniyo anaiwerengera aliyense wowapatsa moni kumsika.

Mu Juni akazi awo anagonekedwa m'chipatala. Dokotala anaitanira mdalayo pakhonde n'kuwauza kuti khansa yafalikira, kwatsala masabata ochepa. Mdalayo atabwerera m'chipinda, mayiwo anafunsa kuti, "Atate ake Febby, ba dokota akamba chani?"

Mdalayo anayang'ana botolo la diripi. "Akuti ni zilonda chabe za m'mimba. Muzachila."

Mayiwo anawagwira dzanja. "Zaka fote mumakamba na ine moniyang'ana m'maso. Lelo muyang'ana botolo. Basi, naziba."

Maliro anachitika mu Julaye. Masiku ano mdala uja amapitabe kukalasi, jekete lomwelo, jumbo lomwelo. Koma amakhala kumbuyo, ndipo chala chija sachikwezanso.