Tsiku Limene Mayi a ku Ghana Anati "Tweaa"

Mayi a ku Ghana, aneba a Dinnah, Mmalawi wokhala ku Erdington kutsidya kwa nyanja, ndi munthu waulemu wake. Amasita ndi mipango yomwe, ndipo wotukwana salowa m'nyumba mwawo. Chimene amadana nacho kwambiri ndi "tweaa", mawu achipongwe a Chiakani otsutsira munthu pamaso. Mawuwa anatchuka wandale wina wakwawo atawabwereza mokalipa pamsonkhano. Vidiyo itafalikira, aliyense anawatola, ndi ana a Amalawi omwe. Mayiwa amangopukusa mutu n'kuti, "Zam'basi zimenezo."

Ndiye Lachiwiri landilodi wa Dinnah anabwera kudzaona khoma lochita nkhungu, limene linkatsokomoletsa mwana wa Dinnahyo. Ataima pakhomo, anati wolakwa ndi Dinnah chifukwa amaphika mawindo ali otseka. Dinnah, poti ndi mlendo kuno, anayamba kupepesa.

Kuseri kwa mpanda kunamveka "Tweaa!" mpaka nkhunda zinauluka padenga. Mayi aja analowa foni ili m'manja n'kuyamba kujambula khomalo. Lachinayi amisiri a landilodi anafika kudzakonza khomalo.

Dinnah atawaseka mayiwo kuti nawonso anena "tweaa", iwo anayankha nkhope ili gwa: "Mwana wanga, enawa mawuwa amangowamwaza. Ine ndinkawasungira mwini wake."