Bala la Pabondo

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'giredi seveni, chaka chimene ng'ona inagwira a Lakisoni, msodzi wa m'mudzi mwathu kufupi ndi Mfuwe. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mtsinje wa Luangwa umaphwa n'kusiya maiwe, ndipo mchenga umawotcha mapazi ngakhale munthu atavala patapata.

M'mawa wa tsiku limenelo ndinaba njinga. Inali ya amalume anga, amene ankaphika pakampu ya alendo ku Nkwali ndipo ankabwera kunyumba kamodzi pa milungu iwiri. Ankaisiya m'chipinda cha amayi ataifunditsa chitenje, ndipo lamulo linali loti wina asaikhudze. Amayi atapita kudimba, ndinaitulutsa. Miyendo yanga sinkafika pansi, choncho ndinkapalasa nditalowetsa mwendo pansi pa mtanda. Kumapeto kwa mudzi tcheni chinachoka, ndinagwa, bondo n'kung'ambika pamwala.

Nyumba yapafupi inali ya a Lakisoni. Akazi awo, amake Tisa, anandimva ndikulira. Anatsamiritsa njinga ija pakhoma n'kundilowetsa m'nyumba, chifukwa panja panalibe mthunzi. Anatsuka bala ndi madzi amchere, anang'amba kansalu kakale n'kumanga, kenaka anandipatsa mango awiri. "Amalume ako akamva, udzathawire kuno," anatero akuseka. Ndinakhala mmenemo mwina ola lathunthu. Ola lomwelo amuna awo anali kumtsinje, akulowa m'madzi kukamasula ukonde umene unakodwa pachitsa. Sanatulukemo amoyo.

Kwathu alipo amene amakhulupirirabe kuti mwamuna akakhala pamadzi kapena kutchire, moyo wake uli m'manja mwa mkazi amene watsala pakhomo. Amati mkaziyo akagona ndi mwamuna wina, chilombo chimamupeza mwamuna wake. Ndiye ng'ona ikagwira msodzi, anthu safunsa kuti analoweranji padziwe lakuya ali yekha. Amafunsa kuti mkazi wake anali ndi ndani.

Maliro atatha, achibale a malemu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango, ndipo mudzi wonse unabwera kudzamva. Amake Tisa kwawo kunali ku Nsefu. M'mudzi mwathu anangobwera ndi ukwati. Nkhani inali yoti apitirize kukhala panyumbapo ndi ana awo awiri kapena achoke. Ankatsogolera zokambirana anali a Gidiyoni, akulu awo a malemu. Mayi wina anaimirira n'kunena kuti m'mawa uja, akuchokera kumjigo, anaona njinga yachimuna pakhomo paja, mwini wake ali m'nyumba.

"Mlamu, njinga inali ya ndani?" anafunsa a Gidiyoni.

"Ya amalume ake a Yotamu," anayankha amake Tisa, mawu atasasa ndi kulira. "Eni ake anali kukampu. Mwanayo ndiye anabwera nayo, anagwa, ine ndinamumanga bala."

Yotamu ndine. Anthu onse anatembenuka. Amayi anali atakhala pafupi nane, ndipo ndinamva zikhadabo zawo zikulowa m'mkono mwanga. "Usatilowetse m'nkhani ya maliro," ananong'ona. Iwo ankaopa kuti dzina la mlongo wawo lilowa m'nkhani imeneyo. Ine ndinkangoopa chikwapu cha amalume.

"Iwe Yotamu, unakwera njinga?"

"Ayi. Sindinakwerepo njinga ine."

"Muoneni pabondo," anatero amake Tisa. Sanakweze mawu.

"Ndi mwana uti m'mudzi muno amene alibe bala pabondo?" anatero a Gidiyoni, ndipo anthu anaseka. Anaseka, manda asanaume n'komwe. Palibe amene anandiuza kuti ndiimirire. Palibe amene anapita kunyumba kwathu kukaona njingayo, yomwe chogwirira chake chinali chitapindika. Panali akuluakulu a mpingo pamenepo, panali anthu ophunzira, koma mawu anayi a mwana wamantha anawakwanira onse.

Patatha masiku awiri amake Tisa anachoka, mwana wina kumsana, Tisa atasenza thumba la mapoto. Palibe anawaperekeza. Mvula isanayambe, malata a nyumba ija anali padenga la a Gidiyoni, ndipo dimba la malemu ankalima ndi iwo.

Ndikanatha kuiwala, monga anaiwalira enawo, pakanapanda buku lina. Alendo a m'makampu ankasiya makatoni a mabuku kusukulu kwathu, ndipo aphunzitsi athu, a Mwale, anasankhamo lina lakale la ku America, lothothoka chikuto, loti azitiwerengera Lachisanu lililonse masana. Ankawerenga ndime m'Chingerezi, n'kutifotokozera m'Chinyanja. Linali la mtsikana wa pafamu. Nkhokwe ya kwawo inapsa, ndipo anthu onse analoza wantchito wina wobwera amene analibe womuyankhulira. Koma nyale imene inayambitsa moto anaisiya ndi mtsikanayo. Masabata angapo tinkamutsatira akudya, akupita kusukulu, akupemphera, chinsinsicho chikumudya, mpaka tsiku limene anaimirira pamaso pa atate ake ndi anthu onse n'kunena kuti, ndine.

A Mwale anatiuza kuti tilembe zimene mtsikanayo anaphunzira. Ndinalemba masamba awiri. Ndinalemba kuti munthu amakula tsiku limene wasiya kubisala kumbuyo kwa wina. Aphunzitsi anandipatsa naini pa teni, n'kuwerenga zimene ndinalemba pamaso pa kalasi yonse. "Uyu adzapita patali," anatero. Anzanga anaomba m'manja. Kutsogolo kwanga, malo amene ankakhala Tisa anali opanda munthu, ndipo chiwombereni m'manja sindinayang'ane kwina koma pamenepo.

Loweruka ndinanyamuka sikisi koloko m'mawa, wapansi, kupita ku Nsefu. Ndinafika dzuwa lili pamutu, milomo itauma. Ndinawapeza amake Tisa akusenda mtedza pakhonde la amayi awo. Anali ataonda.

"Mwaswera bwanji, amake Tisa?"

"Ndaswera. Kaya iwe?"

Ndinagwada n'kunena zonse zimene ndinakonza m'njira: kuti ndinanama, kuti ndinaopa, kuti andikhululukire. Mumtima ndinkayembekezera kuti andikumbatira. Iwo anapitiriza kusenda.

"Ukundiuza ine?" anatero. "Ine ndinalipo. Bala lako ndinamanga ndine. Kauze amene sakudziwa."

Kenaka anaitana Tisa kuti andipatse madzi, n'kundiuza kuti ndibwerere msanga chifukwa njovu zinali zikuyenda m'mango.

M'mawa mwake, anthu akutuluka m'tchalitchi, ndinaima patsogolo pa a Gidiyoni. Ndinanena mokweza kuti njinga ija ndinabwera nayo ndine, ndipo m'nyumba muja munalibe mwamuna wina aliyense. Ndinkaganiza kuti zikhala ngati m'buku muja, kuti anthu adzidzimuka, wina alira, wina athamanga ku Nsefu. Palibe anadzidzimuka. Amayi ena anayang'ana pansi, ena anakonza mipango yawo kumutu. A Gidiyoni anandisisita pamutu.

"Nkhani inatha kale imeneyo, mwana wanga. Pita kwanu."

Apo m'pamene ndinaona kuti panalibe amene sankadziwa. Onse ankadziwa kuyambira pansi pa mtengo wa mango paja. Madzulo amayi anandimenya chifukwa chowachititsa manyazi. Amalume atabwera anangowongola chogwirira cha njinga yawo. Amake Tisa sanabwererenso m'mudzi mwathu, ndipo Tisa sanalembe mayeso chaka chimenecho.

Tsopano ndine mphunzitsi. Mkazi wanga, Misozi, anamwalira dzinja lapitali atadwala masiku ochepa. Tsiku limene anatisiya ine ndinali ku Chipata pa zantchito. Tinakamuika kumudzi. Palibe amene anandifunsa kuti ndinali kuti, kapena ndinali ndi ndani. Anandipatsa mpando pamthunzi, anandibweretsera madzi osamba, ndipo nyumba yanga ikadali ndi malata ake. A Gidiyoni, atakalamba, akuyenda ndi ndodo, anabwera kudzandigwira dzanja. "Limbani mtima, aphunzitsi, ndi Mulungu wachita," anatero. Mkazi akafa ndi Mulungu. Mng'ono wawo atafa, wolakwa anali mkazi wake. Ndinawalola kugwira dzanja langa.

Ndaphunzira m'miyezi ino mmene munthu woferedwa amakhalira wopanda mphamvu. Sungathe kudziteteza, sungathe ngakhale kukumbukira ngati wadya. Amake Tisa anali choncho pamene anawaimika pabwalo, ndipo anali ndi mboni imodzi yokha. Sindidzikhululukira ponena kuti ndinali mwana, ngakhale mkwiyo wanga waukulu uli pa akuluakulu amene anasankha kundikhulupirira. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti choonadi chinali ndi ntchito tsiku limodzi lokha, tsiku limene anandifunsa. Chimene ndinakanena pakhomo la tchalitchi chinapepuza mtima wanga ine, koma mayi uja sichinamubwezere kanthu.