Wakufa Analephera Kubweza Ngongole

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza a Chimphepo ku khoti lalikulu ku Pretoria. Awa ndi mkulu wa mpingo, kwawo ku Ntcheu, amene anatsika mgodi zaka zambiri asanatsegule kagolosale ku Mooinooi. Anandipempha kuti ndikawamasulire Chingerezi cha m'khoti, koma mapepala anawapanira m'jekete njira yonse.

Golosaleyo inagwa. Kampani imene inkawapatsa katundu pa ngongole inakapempha khoti kuti liwagamule kuti ndi munthu wolephera kubweza ngongole. Zimayenda chonchi: woweruza amayamba wapereka chigamulo chongoyembekezera, n'kuika tsiku loti wangongoleyo adzanene chifukwa chimene chigamulocho chisakhazikike. Tsikulo lisanafike, mthenga wa khoti anabwera kunyumba kwawo n'kulemba zonse, firiji, mipando, ngakhale wailesi. Mayi a kunyumbako anandiuza kuti ankalemba mwakachetechete, ngati mmene timawerengera zovala za malemu.

Tinakhala pa benchi m'khonde lozizira. Kenaka wapolisi wa pakhomo anafuula kuti, "Simon Modise!" Ine sindinatembenuke n'komwe. Anafuulanso. Kachitatu, a Chimphepo anadzuka.

"Bambo, si inu ayi," ndinatero nditawagwira mkono.

"Ndine," anandinong'oneza. "Modise tinali naye shifiti imodzi. Mwala unamugwera n'kumupha ine ndikuona. Pamene ankatibweza kwathu ife Amalawi, ndinatenga mapepala ake. Golosale, nyumba, buku la ku banki, zonse zili m'dzina lake."

M'katimo woweruza anafunsa ngati akutsutsa pempholi. Chifukwa anali nacho, pakuti mlamu wawo anali atalonjeza kulipira gawo lalikulu mwezi wamawa. Woweruza anati ali wokonzeka kuwapatsa nthawi, bola alembe zimenezo m'chikalata cholumbirira. Ndinawamasulira a Chimphepo.

"Kunamiza abwana a mgodi ndinanamiza," anatero. "Koma kukweza dzanja pamaso pa Mulungu n'kunena kuti ndine munthu amene mtembo wake ndinaunyamula ndekha, zimenezo ayi. Auzeni sindikutsutsa."

Ndinawauza. Sipanadutse mphindi ziwiri, chigamulo chinakhazikika. Tsopano asankha munthu woti agulitse katundu yense n'kugawira eni ngongole. Dzinalo lituluka m'nyuzipepala ya boma. A Chimphepo sangachitenso malonda popanda chilolezo cha wosankhidwayo, ndipo pangapite zaka khumi dzinalo lisanayeretsedwe.

Dzina la yani?

Owerenga anzanga, tisanamizane. Kuno ku Joni tilipo ambiri amene kutchalitchi amatiitana dzina lina, kuntchito lina. Achinyamata amene akukhamukira kuno chitsegukireni malire a dziko lino nawonso aphunzira msanga. Chitupa chogula, chitupa cha msuweni, chitupa chotola. Timaseka, timati n'kuchenjera. Ndipo sindikuweruza munthu, njala ya kwathu ndikuidziwa. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Dzina lobwereka limakupezera ntchito, inde, koma tsiku limene ufuna kudziteteza limakutseka pakamwa. Khoti linali lokonzeka kumva. Panalibe munthu woti alankhule.

Pobwerera m'takisi tinayamba kuona milu ya dothi la m'migodi. Ndipamene a Chimphepo anayankhula, maso ali pawindo.

"Firiji atenge. Chikundiwawa n'choti Modise sanakongolepo ngakhale fodya. Ana ake ali ku Moruleng, ndi akuluakulu tsopano, amawerenga. Ndamuchititsa manyazi munthu ali m'manda." Anawonjeza kuti, "Masiku ano ndikamameta ndevu sindiyang'ananso pagalasi."

 

Nanga inu amene mukuyenda ndi dzina la mwini m'thumba, tsiku limene Chauta adzakutengeni, kalata yopita kumudzi idzati wamwalira ndani?